Ndakatulo ya pa Ukwati wa Wendy

Lolemba, 12 Ogasiti

Wendy waimba foni ndili pa makina, ndikusoka mayunifolomu. Ukwati wake ndi Loweluka, ku Petauke. Akuti, "Amai, mudzanene ndakatulo, ngati zija mumatumiza ku wailesi." Ndavomela mothamanga mpaka kudzibaya singano. Mwana amene ndinamusiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, lelo akufuna mawu anga pamaso pa anthu!

Lachiwili, 13 Ogasiti

A Virginia, alongo ake a mwamuna wanga wakale Febian, atsika minibasi pano pa Nyimba. Zaka zonsezi osaponda pakhomo panga, ndipo lelo akana ngakhale mpando. "Amake Wendy, m'ndakatulomo muikemo kuti munalakwa kuthawa banja. Apongozi ake a mwana amve kuti mumanong'oneza bondo, angaganize kuti nayenso adzathawa."

Ndawafunsa ngati ndiikemonso za mkono wanga uja alongo awo anathyola ndi mpini wa khasu. Akuti zakale n'zakale. Ehe! Zakale za Febian n'zakale, zanga zokha ndiye zosaola.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndayesa ndithu, chifukwa cha Wendy. "Ndinalakwa kusiya nyumba." Ndalemba katatu, ndafafaniza katatu. Mzele wake ukutsimphina, sukufuna kuyenda. Pakamwa ndikhoza kunamiza ngakhale abusa, koma ndakatulo imakana bodza. Pepalalo ndakolezela mbaula.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Magetsi kulibe kuyambila m'mawa, makina ali duu. Ndiye ndakatulo yatuluka yokha:

Njila ndinasankha ndekha, sindipepesa.
Ndinatuluka ndi mkono umodzi ndi moyo wathunthu.
Mukandibweza pamphambano, ndidzakhotanso komweko.

Ndimati yathela pomwepo, koma dzanja silinaime:

Koma iwe unali m'tulo pamphasa.
Ndinakulumpha osakudzutsa, osatsanzika.
Icho chokha n'chomwe chimandiluma.

Sindimadziwa kuti zimenezi zili m'kati mwangamu. Aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti palibe chondiwawa. Ndalila mpaka kasitomala wabwelela pakhomo. Koma mizele yoyambayo siichoka. Zonse ziwili n'zoona, zikhala papepala limodzi, wofuna kukwiya akwiye.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Uthenga wa a Virginia: Febian akuti ndikamutchula adzandilanda maiki. Dzina lake mulibemo. Akadzimva yekha, n'zake. Ndasita chitenge changa chofiila.

Loweluka, 17 Ogasiti

Ndikulemba mu minibasi, zilembo zikuvina.

Muholo anandikhazika kumbuyo, pafupi ndi khomo, ngati wongobwela kudzadya mpunga. Atandiitana ndinayenda pang'onopang'ono, aliyense andione bwinobwino. Pa "sindipepesa" a Virginia anatsokomola. Pa "mkono umodzi" Febian ananyamuka, koma amai ake a mkwati anati, "Khalani pansi bambo, ife tikumvela." Anakhala.

Kenaka ndinafika pa mbali yachiwili. Sindinayang'ane pepala, ndinayang'ana Wendy. Nditamaliza, muholo monse munalibe ndi mmodzi woimba nthungululu. Ndinati basi, ndaonongela mwana tsiku lake.

Ndikubwelela kumpando kwanga, ndinamva dilesi likukwekweleza pansi. Wendy. Anandigwila dzanja, n'kundinong'oneza kukhutu: "Sindinali m'tulo, amai. Ndinakuonani mukumanga mkono ndi duku. Ndinatsinzina dala. Mukanadziwa kuti ndili maso, simukanapita."

Ndinangolifinya dzanja lakelo.

Wojambula anaitana makolo a mkwatibwi. Febian anali ataima kale kumanja, a Virginia akukonza duku kuti aime kumanzele m'malo mwanga. Wendy sanandisiye dzanja. "Pepani azakhali, apa ndi pa amai." Anasuntha. Ndinaima pamenepo, chibwano m'mwamba, misozi ikutsika, osaipukuta.