Chambo cha Amayi Pagalasi la Galimoto

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti miyendo ya amayi ikuvutabe.

Patchuthi ndinawatenga pagalimoto yanga, kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera kunyanja. Chimwalirireni abambo sakonda kuyankhula, ndipo mpaka ku Liwonde anangoti chete. Ndinayamba kukayika ngati ndinachita bwino kuwatulutsa m'nyumba.

Titafika kwa Mponda ku Mangochi, amayi anati, "Taima apa, mwanawe." Anagula chambo n'kuchimangirira okha pagalasi la m'mbali.

"Abambo ako ankati galimoto yopanda nsomba sinafike ku Mangochi," anatero akuseka. Anacheza mpaka ku Salima.

Chonde muwaimbire foni sabata ino, nanunso muwamve akuseka. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Asiyatu