Madontho Ofiira a Bambo

Achimwene anga okondedwa,

Kuno kwacha ndi kamvula kowaza. Phiri silikuoneka, lafunda mtambo mpaka m'munsi. Ndayamba kalatayi m'mawa uno nditangochotsa makapu patebulo. Bambo ali pakhonde, akusema ndodo yatsopano.

Mwadzuka bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga? Miyendo yawo yasiya kutupa? Nanga kamwana kanu kaja kanasiya kudya sopo? Ife kuno tadzuka, kungoti ine ndili ndi kachimfine kamene ndakatenga kuphiri.

Uthenga wanu unafika, woti ndinyamuke kumapeto kwa mwezi kuti ndidzathandize alamu akadzachira. Bambo anavomera, inenso ndinagwedeza mutu monga ndimachitira nthawi zonse. Chikwama ndinachitsitsa pamwamba pa kabati, ndinachipukuta fumbi. Koma pali zimene zachitika, ndipo pafoni sindingathe kuzinena. Mukundidziwa, pafoni ndimangoti eya, eya, mpaka inu kutopa n'kudula. Choncho muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Kuzizira kwatha kuno. Mitengo yaphukira, ndipo anthu okwera phiri ayambanso kudutsa pamsewu wathu ndi zikwama zawo kumsana. A ku ofesi ya zankhalango anabweretsa chitini cha penti wofiira kuti bambo akapakenso madontho a pamiyala osonyeza njira, monga amachitira chaka chilichonse. Ulendo uno anati ndiwaperekeze, ati ndikatsanzike phiri ndisanapite kutauni. Ndinadabwa, chifukwa chichokereni inu pakhomo pano sanalolepo munthu kuwanyamulira chitini.

Lamulo lawo lija mukulikumbukira, munkawatsanzira tili ana mpaka malemu amayi kukuthamangitsani ndi tsache. Paka dontho, yenda, cheuka. Pamene dontho lakumbuyo layamba kuzimirira m'maso, ima, paka lina. Munthu asachoke padontho asanaone linzake.

Tinanyamuka Lachiwiri dzuwa litangotuluka, kumwamba kuli mbee. Ndinavala jekete yanu yachikasu ija munaisiya kuseri kwa chitseko, manja ake ndinachita kupinda. Achimwene, phiri linali lokongola tsiku limenelo. Masamba anthete ali psuu, ena obiriwira kumene, timaluwa toyera tili m'ming'alu ya miyala. Bambo ankayankhula njira yonse. Anandionetsa pamene inu munagwa n'kung'amba kabudula, anati munatsika phiri lonse mutaphimba kumbuyo ndi chipewa chawo.

Titawoloka mtsinje ndi pamene ndinayamba kuona zachilendo. Madontho akale, ofwifwa aja, ndi otalikirana. Koma bambo ankapaka, kuyenda pang'ono chabe, kucheuka, kutsinzinira maso, n'kupakanso. Pakati pa madontho awiri akale ankaikapo atsopano ambirimbiri. Pena ankadutsa dontho lakale lili pafupi ndi bondo lawo, osalikhudza n'komwe.

Kenaka linatipeza gulu la achinyamata a kutauni. Mmodzi wamtali, wovala magalasi akuda, anafunsa bambo ngati phirilo ladwala chikuku. Bambo anayankha kuti si chikuku, akulibaya katemera. Onse anaseka, inenso ndinasekera m'kolala. Koma mumtima simunali bwino.

Penti anathera pamwala wa chipewa, wooneka ngati chipewa uja, ife tisanayandikire n'komwe pamwamba. Bambo anagwedeza chitini, anasuzumiramo, n'kuyamba kudandaula kuti a ku ofesi masiku ano akugula tizitini tating'ono. Chitinicho ndinanyamula ndine, achimwene. Chinali chachikulu ngati cha chaka chilichonse, phewa langa ndi mboni. Tinakhala pamwalapo n'kudya buledi ndi tiyi wa m'fulasiki.

Tili pomwepo mphepo inatembenuka. Dzuwa linalowa mumtambo, kunagwa timatalala pang'ono todumphadumpha pachitini, kenaka dzuwa linatulukanso ngati palibe chachitika. Achinyamata aja anatipezanso akubwerera. Wamagalasi uja anauza bambo mwaulemu ndithu kuti kumwambako sikukuoneka bwino, ndi bwino titsikire limodzi. Bambo anamuthokoza, koma anati iwo phirili anayamba kulikwera iye asanamere mano. Anati tifike pamwamba tikaone miyala yotsala, tidziwe penti wofunika.

Ndinayang'ana kuchigwa. Mtambo woyera unkakwera kutilondola, waukulu ngati phiri linzake. Bambo anayang'ananso komweko, maso ali gwa pamtambowo, n'kunena kuti onani kwayera, mvula yapita. Ndinanena kuti kukubwera nkhungu, koma ndinanenera m'kolala momwemo, mawu anapita ndi mphepo. Ananyamula ndodo, ine ndinawatsatira.

Pamwamba tinafika. Kwa kanthawi kochepa ndinaona zonse, msewu, denga la sukulu, ndi denga lathu likunyezimira. Bambo analoza ndi ndodo mbali imene muli inu, anati ukakafika uko uzikayang'ana kuno. Kumene ankalozako kunali kutatsekeka kale. Posakhalitsa nkhungu inatikuta. Kunazizira mwadzidzidzi, kamvula kanayamba, miyala inayamba kuterera. Ndikatambasula dzanja ndinkaona zala zokha, kupitirira apo kuli mbuu.

Bambo anati ndisaope, njira ili m'miyendo mwawo. Anatsogola. Mukukumbukira pamene njira imakhotera kumanja, pomwe kumanzere kuli kangalande ka madzi kooneka ngati njira, kamene kamakathera paphompho? Dontho lakale lili pomwepo, pamwala wa kumanja. Ine ndinaliona, lofwifwa, ndere zitalidya mbali imodzi. Bambo analidutsa n'kulowera kumanzere, akuyenda mwachangu ngati munthu wopita kumsika.

Ndinaitana kuti bambo. Sanamve. Ndinaitananso, koma mawu anga mukuwadziwa, ngakhale nkhuku sizithawa. Msana wawo unayamba kuzimirira mu nkhungu, ndipo kutsogolo kwawo ndinkamva madzi akugwera pansi patali.

Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa.

"Bambo, imani! Simukuona!"

Phiri linabweza mawu anga, ndinawamva ndekha akubwerera ngati a munthu wina. Bambo anaima. Nditawapeza, ndodo yawo inali kutsogolo ikufunafuna pansi, koma pansi panalibe. Inapulumuka m'manja mwawo. Tinaimva ikugunda miyala, kugundanso, mpaka zii. Ndinawagwira lamba n'kuwakokera kumbuyo, tinakhala pansi m'madzi momwemo.

Ndinawapatsa tiyi wotsala. Atamwa anandifunsa kuti ndadziwa liti. Ndinati pamtsinje paja. Anagwedeza mutu.

"Nkhungu imene ukuionayi, mwana wanga, ine ndimadzuka nayo tsiku lililonse."

Anati zinayamba chaka chatha, pang'onopang'ono ngati utsi wa kukhitchini. Pakhomo sizivuta chifukwa chilichonse akudziwa pamene chimakhala. Anati za kutsanzika phiri zija ananama, ananditenga chifukwa ankaopa kukwera okha. Ndipo chimene ankachiona bwino tsiku lonselo ndi jekete yanu basi.

Achimwene, ine ndimakhala nawo nyumba imodzi. Ndinkaona akuthira tiyi pambali pa kapu, ndinkangopukuta. Ndinkaona asiya kuwerenga, akungomvera wailesi, ndinkati ndi ukalamba.

Kutsika kwake kunali kovuta. Madontho akale ndi otalikirana, anapakidwa ndi munthu wa maso akuthwa dzuwa likuwala. Mu nkhungu sungaime pa limodzi n'kuona linzake. Ndiye ndinkawasiya bambo atagwira mwala wa dontho, ine n'kumakwawa kutsogolo kufunafuna lina. Iwo ankagogoda chitini ndi burashi kuti ndisawataye. Ndikalipeza ndinkaitana, n'kubwerera kukawatenga atagwira chipewa cha jekete. Pena ndinkasochera, n'kubwerera kotsata kulira kwa chitini. Mawondo anga ananyuka, mpaka lero akuwawa. Bambo anati chibadwire changa sanandimvepo ndikuyankhula mawu ochuluka chonchi.

Kenaka dzanja langa linakhudza mwala wa chipewa. Kutsogolo kwake kunali dontho lofiira, lowala, penti asanaumitsitse. Kuseri kwake lina, kenaka linanso. Chikuku chija, achimwene. Nkhungu inali yomweyo, koma apa ndinkati ndikaima pa limodzi, linzake lili apo likundiyang'ana. Tinatsika ngati tikuyenda m'khonde la kwathu. Ndinayamba kuseka, misozinso ikutuluka, bambo n'kumafunsa ngati ndagunda mutu pamwala.

Titafika pamtsinje dzuwa linatuluka, mbalame zili pokopoko, ngati phirilo silinafune kutipha. Apo bambo anandipempha kuti ndisauze munthu, a ku ofesi kapena inu. Anati a ku ofesi awalanda burashi, ndipo inu mudzawatenga n'kukawakhazika m'chipinda cham'mwamba kuti aziyang'ana TV imene sakuiona. Ndinawayankha kuti ku ofesi akanene okha akakonzeka, koma achimwene ndiwauza ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti Kachete wawo amusiya pamwamba, amene atsika nayeyu sakumudziwa.

Lachinayi ndinapita ndekha ku ofesi kukapempha chitini china. Ndinaima pakhomo thukuta lili kamukamu, mpaka mlonda anachita kundikankhira mkati. Akapitawo anafunsa ngati bambo masiku ano akumwera penti mutiyi. Ndinati ayi, madontho achuluka chifukwa cha nkhungu. Sindinaname, koma sindinanenenso zonse. Anandipatsa.

Dzulo kunacha bwino, ndiye tinakweranso. Tapeza kagwiridwe kathu. Bambo amaima padontho ndi chitini chopanda kanthu chija, ine ndimatsogola ndi penti nditavala jekete. Ndikayamba kuzimirira m'maso mwawo amagogoda, ine n'kupaka pomwepo. Dontho langa loyamba linatuluka ngati dzira losweka. Analipapasa ndi chala, anati ngakhale mbuzi ingapake bwino, kenaka anandigwira dzanja n'kundionetsa kazungulitsidwe ka burashi. Mtambo utayamba kusonkhana ndinati tibwerere, ndipo anabwerera osatsutsa. Patsala chigawo chapamwamba, ndi pokhota paja pa phompho. Pamenepo ndikufuna ndikapake dontho lalikulu ngati mbale.

Tsono pempho langa ndi ili. Achimwene, kumapeto kwa mwezi sindibwera. Sindinakukanirenipo kanthu, ndipo inu mwandichitira zambiri. Ndikudziwa kuti alamu akufunika munthu, ndipo ndikuwapempha andikhululukire. Mwina mng'ono wawo uja angabwere sukulu akatsekera, kapena azakhali, amene amadandaula kuti simuwaitana. Koma ndikachoka ine, bambo adzakwera okha. Mukuwadziwa. Ndodo akusema pakhondeyo si yoyendera kutchalitchi.

Ndisakubisireninso china. Si chifukwa cha bambo okha. Ntchitoyi ndaikonda. Kuphiri palibe amene amandifunsa chifukwa chake sindiyankhula. Ndikapaka dontho ndimadziwa kuti munthu wina amene sindidzamuona adzafika kwawo.

Chachiwiri, mubwere. Anamwino a pachipatala chathu chaching'onochi ati maso otere nthawi zina madokotala amatha kuwakonza, koma mpaka awaone kuchipatala chachikulu. Ine njira zakumeneko sindizidziwa, ndipo pamaso pa dokotala ndikhoza kungoti eya, eya. Inu ndi amene mungawatengere kumeneko. Koma mukadzafika musadzayambe ndi kukalipa, ndipo za kusamuka musadzazitchule tsiku loyamba. Mudzayambe mwakwera nafe kaye. Mudzanyamule chitini ngati kale, mudzaone nokha mmene akugwirira ntchito. Mudzabwere ndi buluku lolimba, chipewa chawo chija chinatha.

Bambo akudziwa kuti ndikulemba. Ati ndikuuzeni kuti ndodo inagwa yokha. Posachedwapa aitana kuchokera pakhonde kufunsa ngati phiri layamba kuoneka. Ndasuzumira pawindo, ndawauza kuti ayi, kudakali mbuu. Aseka, ati ndiye lero tikuona mofanana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikuwapempherera kuti adzachire bwino. Kamwanako mukapsompsone m'malo mwanga, ndipo sopo muziika pamwamba. Azakhali mukawaimbira muwapatse moni, koma za maso musawauze kaye, mawa lomwe dziko lonse lidziwa. Mulungu akusungeni pantchito panu ndi m'nyumba mwanu, ndipo akufewetseni mtima powerenga kalatayi.

Chikwama chija ndachibwezera pamwamba pa kabati. Jekete yanu musadzaifunse.

Ndine mlongo wanu,
Kachete

Ndamaliza kulemba lero Loweruka, 11 koloko m'mawa.