Kamakina Kaiwala Zonse

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Chikwa tilipo. Njovu zatidyera chimanga cha kudambo, koma mbuzi yanu ija yaswa ana awiri. Nkhani yaikulu ndi ya Temwa, mwana wanu womaliza. Ali ndi pakati potopa, ndipo ndine ndikumuyang'anira pachipatala chathu chaching'onochi. Miyendo yatupa, magazi akuthamanga kwambiri. Sindikubisirani, ndili ndi mantha.

Chilimwe chathachi kunabwera dokotala wina wamkazi wochokera ku Lusaka, n'kundisiyira kamakina kokwana m'dzanja. Akuti kutauni makompyuta amagawana zolemba kudzera pa waya wa telefoni, amati intaneti. Iye amakopera masamba a zaumoyo m'kamakinako kuti ife okhala kopanda waya tiziwerenga pogogoda pagalasi ndi kamtengo. Poyamba ndinkangosochera ngati mlendo mumsika. Ndinamuuza mosapsatira kuti mzamba amene wagwira mayi wobereka alibe nthawi yofufuza. Sanakwiye. Anakhala pansi n'kukuza zilembo, n'kuika koyambirira masamba amene ndimawafuna: kulumidwa ndi njoka, malungo a ana, ndi kukomoka kwa amayi apakati. Mtima unakhala pansi. Koma anandichenjeza kuti ukachotsa mabatire kwa nthawi yaitali, kamaiwala zonse.

Atate mukuwadziwa. Chimwalirireni inu salekana ndi kawayilesi kawo kam'thumba, kumvetsera mauthenga a maliro tsiku ndi tsiku. Mabatire awo atatha, ine ndili kumidzi kokabaya ana katemera, anatenga a m'kamakinako, ati kungobwereka. Madzulo anawabwezeramo bwinobwino, osadziwa kanthu. Nditayatsa, tsamba ndi limodzi lomwe munalibe.

Munkakonda kunena kuti madzi akatayika saoleka. Ndayesa kuwaola, Amayi. Zizindikiro za matenda a kukomoka aja, amene ndikuwaopa mwa Temwa, ndinazisunga pamutu, koma mlingo wa jakisoni wake wandithawa. Ndi mankhwala achilendo, nthawi yathu kusukulu ya unamwino sitinawaphunzire. Ali m'kabatimu, dokotala anawasiya yekha. Ukachepetsa sagwira ntchito, ukachulukitsa mayi amasiya kupuma. Galimoto silingafike chifukwa mitsinje yadzaza, ndipo wayilesi yotumizira uthenga ya pachipatala inafa kalekale. Temwa pa njinga sindingamukweze.

Dzulo m'mawa ndinaona atate akukulunga kamakinako mupulasitiki. Anangoti, "Manje ndine ndinataya, ndine ndikatole." Akwera njinga kupita kuboma ku Chama, kuti akafunse mlingowo kuchipatala chachikulu, n'kutumiza kamakinako ku Lusaka kwa dokotala uja kuti akabwezeremo masamba. Mawondo aja munkawathowa ndi madzi otentha ndi amene akawolokere mitsinje. Ndinawaletsa, koma nkhalamba yanu ija ikati ndapita, yapita.

Kamakinako kakadzabwera, ndidzamuuza dokotala kuti atikonzere kosaiwala, chifukwa kuno mabatire amabwerekedwa ngati mchere. Chinthu chotifuna ife tisalakwe ngakhale kamodzi sichinapangidwire anthu.

Lero Temwa wadzuka mutu ukumuwawa, akuti akuona timoto m'maso. Ndikudziwa chimene chimatsatira: kukomoka. Jakisoni ndamuika pambale pafupi ndi bedi lake, ndipo maso anga ali kumsewu.

Ngati kumeneko muli ndi mawu, auzeni eni akewo asamukonzere malo Temwa. Ndikukulonjezani kuti sindichoka pambali pake, ndipo sindimutumiza kwa inu ndisanalimbane.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Esinati