Mangolongondo Achitsulo

Amayi, kaya kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno tilipo ndithu.

Mlongo wanga Asiyatu anachira mwezi watha, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo watengeradi: akayamba kulira salola wina kuyankhapo. Mpunga wa ku Chiuta chaka chino wachita bwino. Nandolo akuti anapserera ndi dzuwa, ngakhale dzuwa lakelo linasiya mapazi a mbuzi za a Jafali.

Nkhani yanga ndi iyi. Mukukumbuka chida chija ndinachidziwira ku koleji, vaibulafoni, chomwe inu munkati mangolongondo achitsulo? Ndikuchiphunzirabe. Ndikaweruka ndimatsalira mu holo ya pasukulu yomwe ndikuphunzitsa ku Balaka kuno, timitengo tinayi m'manja, tiwiri uku tiwiri uku. Tili ndi kabandi ka jazi, ndipo Loweruka likubwerali tikaimba paukwati ku Liwonde. Ntchito yanga yaikulu ndi kuperekeza: mtsogoleri wathu a Mussa akamaimba sakisofoni, ine ndimawayalira pansi makodi, mawu angapo olira pamodzi, kuti azipondapo.

Ndiye masabata atatu apitawa a Mussa anabweretsa mayi wina wa kiyibodi, a Mercy, akuti angotithandiza. Amayi, kiyibodi imagwira ntchito yomwe ndimagwira ineyo. Ndinayamba kuona zinthu. Ndikamenya, awiriwo amayang'anana. Wa ng'oma amawerenga malata kudenga. Ndikafunsa, a Mussa amangoti, "Iyayi aphunzitsi, zili bwino, kungoti muzisiyako mpata." Mpata wa yani?

Lachiwiri ndinachita zomwe inu, mukanakhala moyo, mukanandikoka nazo khutu. Ndinatchera foni kuti ijambule mawu, n'kuibisa m'chikwama cha timitengo. Tinaimba nyimbo ziwiri, kenako ndinatuluka ngati ndikupita kuseri. Ndinachedwako dala, kuti miseche ipse bwino.

Ndinamvera mu minibasi. Miseche munalibe. Nditatuluka kunangoti zii, wa ng'oma anapuma ngati watula mtolo wa nkhuni, a Mussa n'kuti, "Tamvani mmene holoyi imakomera." Basi.

Ndinabweza kumayambiriro kuti ndimve nyimbozo. Amayi, ndinamva mwana wanu akuthamangitsa anyani. Paja mangolongondo aja munandiyalira pa mathunthu a nthochi kumunda wa mapira anali a mtengo. Mtengo ukaumenya liwu limafera pomwepo, ndiye umamenyanso msanga, mwamphamvu, anyani asapeze polowera. Chitsulo sichitero. Ukaponda chopondera chake chimangolirabe, liwu lina kukwera pa linzake mpaka zonse phala. Sakisofoni ya a Mussa inkamveka ngati munthu woitana tsidya lina la Rivirivi madzi atasefukira.

Munkati woperekeza mlendo satsogola, ndipo akafika pamphambano amabwerera. Ndiye kuyambira Lachitatu ndikuyeserera mawu awiri okha pa kodi iliyonse, liwu lachitatu ndi lachisanu n'chiwiri, kenako phazi kuchoka pa chopondera, manja chete. Ikafika nthawi yanga yoimba ndekha, ndimaimbiranso pakamwa. Pomwe mpweya wandithera, timitengo natonso tiime. Manja amayabwa, amayi. Dzulo a Mercy anandigwedezera mutu. Sindikudziwa ngati kunali kuyamikira kapena kutsanzika. Loweruka ndidzaonera pa galimoto, ngati m'menemo mudzakhale malo a chida changa.

Koma pali kena. Munkauza mudzi wonse kuti mwa ana anu ine ndekha ndinali ndi dzanja la mangolongondo, n'chifukwa chake munkanditumiza kumunda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nditamufotokozera Asiyatu za foniyi, anaseka mpaka kudzutsa khanda. Akuti zaka zimenezo anyani kwathu anali atatha kalekale. Munda uja unali kutali ndi nyumba, ndipo masana inu munkapuma bwino pakhonde. Amayi, ndayamba kukukayikirani inunso.

Ndikulonjeza kuti Loweruka, akandikweza galimotoyo, ndikasiya mpata waukulu m'nyimbo yoyamba. Ngati muli ndi choyankha pa mlandu wa anyaniwu, mudzayankhire pamenepo.

Ndine mwana wanu wokukondani, waphokoso uja,
Yusufu