Kanthenga ka Madala Dou

Lachiwiri, 5 Novembala

Kupaki m'mawa. Chisanu. Ndawauza Madala Dou, mkulu wa gulu lathu lomenya kanthenga: tigule ukonde wotchinga pakati, tipange timu, chaka chamawa tikapikisane kuchigawo. Kumangoimirira mozungulira n'kumapatsirana ndi phazi kampira ka nthengaka kutifikitsa kuti? Iwo: "Iwe mwana wa a Qiao, masewerawa atha zaka zikwi ziwiri. Amadikira digiri yako?" Onse kuseka.

Lachinayi, 7 Novembala

Andipikisitsa pagulu ndi Madala Dou. Iwo amenya ka 212 osagwetsa, ine 90. Ndiye chilango chija: wogonja aponyere wopambana, iye akamenye kutali, iwe ukatole, mpaka ataphonya. Ndathamanga kasanu ndi kanayi. "Changu, wa digiri!" Azakhali a Lian, ogulitsa mbatata zootcha aja, mpaka misozi ndi phwete.

Madalawo adzatola nawonso. Ndalumbira.

Lamlungu, 24 Novembala

Tsiku lililonse kuyeserera padenga lafulati la nyumba, maola atatu. Chala chakuphazi chatupa. Amayi akuti ndisiye zachibwana ndikafune ntchito. Lero 230.

Ndawaona bwino madalawo. Kukazizira kwambiri bondo lamanzere limawakana. Ndidikira tsiku la chisanu choopsa. Kanthenga kawo amakanyadira zedi: pansi kakobiri kamkuwa koboola pakati, ka malemu bambo awo, nthenga zozula okha kwa tambala wamoyo. Tidzasewerera kanthenga komweko. Ndikapambana, ukonde ulowa.

Lamlungu, 8 Disembala

Ine 241, iwo 171!

Aponya. Ndamenya kumasitepe. Atsika motsimphina, atola, abwera. Ndamenyanso. Kachitatu, kachinayi. Palibe woseka. Ndimafuna kasanu ndi kanayi, ndendende. Kachisanu ndi chiwiri phazi linapita ndi mtima wonse, kanthenga n'kudumpha mpanda, kugwera mumtsinje pamene madzi sanaundane.

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako: "Mwendo uli nawo, mwana wa a Qiao." Basi.

Kukoma kwake! Mpunga ndadya mbale ziwiri.

Lolemba, 9 Disembala

Azakhali a Lian andikaniza mbatata. "Wamkulu akagonja umaphonya dala koyamba komwe, iwe. Amayi ako sanakuuze?" Nanga ine ndikuthamanga kasanu ndi kanayi, mwambowo unali kuti? Akuti ine ndine mwana, mawondo alipo. Zaziii.

Ukonde ndagula.

Lachitatu, 11 Disembala

Ndaumanga ndekha. Wowongoka bwino. Mbali iyi ine, mbali inayo mphepo.

Onse ali kumtsinje, tsiku lachitatu tsopano, kufufuza m'matope ndi nsungwi. Madala Dou mpaka agwada pa bondo lomwe lija. Akufufuza polakwika. Kanagwera kumunsi, pafupi ndi mwala wosweka uja. Ndinaona ndekha.

Siwauza. Ndinapambana ndine. Asake mpaka chaka chatsopano.

Nsungwi yaitali ija ya amayi yoyanikira zovala mwina ingafike pamwalapo, koma...