Khofi wanu akukana kuuma

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Kuno tilipo, koma ine mtima suli m'malo. Ndikulemba nditakhala pakhonde, diso lina papepala, lina kumitambo.

Ndiyambe ndi zabwino. Fatima, chisamba changa chija, anachira kuchipatala ku Tsangano. Mwanayo ndi wamkazi, tam'patsa dzina lanu. Liwu ndiye ndi lanu lomwe, akayamba sasiya mpaka onse timve. Nyemba zinachita bwino chaka chino, koma mbuzi yamawanga ija inadya mphukira za mapira n'kufa.

Tsono nkhani ndi ya mitengo yanu ya khofi kuseri kwa nyumba. Achimwene a Zuze akufuna kuizula. Akuti malowo ndi achonde, kachewere angabereke kawiri pachaka, osati mitengo yomwe imangotha anthu misana. Ndinawakumbutsa kuti munda ndi wa ife akazi, iwo n'kuti mwini mbumba ndi iwo. Tinathera poti munthu wogula uja, wobwera pa mota, njinga yamoto ija, kuchokera ku Furancungo, akakana khofi wa chaka chino, khasu lilowa. Abwera Loweruka.

Ndachita zonse monga munkachitira. Ndinathyola zofiira zokhazokha, poti inu munkati, "Wathyola yaiwisi waba m'munda mwako." Ndinasinja mumtondo monyengerera kuti makoko achoke popanda kuswa njere. Manja anatupa, Amayi! Ndinaviika mumtsuko wanu waukulu, n'kutsuka kumtsinje mpaka kuterera kuja konga kwa therere kutatha, njere zikulira m'manja ngati timiyala. Apo ndiye ndinadzitama.

Koma dzuwa landitaya. Chifunga chagona paphiri sabata yonse, kamvula kamawawa sikakuleka. Kukangong'ambika pang'ono ndimathamanga kukayanika pathandala, ndisanawongole msana ndayambanso kuanula. Anthu ayamba kundiseka, akuti ndikuvina ndi mphasa. M'mawa uliwonse ndimaluma njere imodzi monga munkachitira, mpaka dzino lanu lakutsogolo lija linabenthuka. Munkati youma imayankha dzino. Zangazi zangoti zii, zikungonyungika.

Alamu anga, akazi awo a Zuze, akuti ndiike khofiyu pansanja pamwamba pa moto, angaume masiku awiri. Akunena mwachifundo, ndikudziwa. Dzulo ndinafika nalo lichero pakhomo la khitchini, n'kuima. Ndinakumbukira chaka chija munataya dengu lathunthu kudzala chifukwa ndinaliika pafupi ndi utsi, mukuti khofi ndi kazitape, amaulula konse kumene wagona. Ndinabwerera nalo. Ndikuopa, Amayi. Kuika pamoto, wogula amva utsi. Kusiya, apeza chinyezi. A Zuze ndawaona akunola khasu, ngakhale akuti ndi la kudimba.

Pali chimodzi chomwe sindinauze munthu. Ndisanaviike, ndinapatula njere zodzaza dzanja za mumtengo waukulu uja munadzala chaka chimene ndinabadwa. Ndafesa m'mphika wobooka kuseri kwa khola, ndaphimba ndi udzu.

Loweruka zikandivuta, musadandaule. Mvula yoyamba ikadzagwa ndidzabwera ndi mbande, ndidzadzale kumutu kwa manda anu. Kumeneko khasu la achimwene silingafike.

Kukuwala pang'ono, ndithamange ndikayanike.

Ndine mwana wanu wokukondani, wokusowani tsiku lililonse,
Marita