Mkweni Wothawa Apongozi

Lolemba, 3 Juni 2024

Ronnie si munthu. Zaka zinayi ku yunivesite akukopela manotsi anga, lelo malipilo ake ndi mlendo. Foni pakati pa phunzilo la Giledi 11: "Eness, tisungile munthu masiku atatu chabe, galimoto ya bungwe lathu ibwela kudzamutenga." Bungwe lawo la ku Lusaka, lothandiza othawa kwawo. Nanga ine ndine bungwe? Ndili ndi zipinda ziwili, nkhuku zisanu, ndi digili ya Chifalansa imene muno mu Lundazi ntchito yake ndi kubisa mng'alu wa pakhoma.

Wafika cha m'ma 16 koloko pa njinga ya hayala, kuchokela kumalile. Dzina lake Amisi. Wa ku Congo, telala, zaka zisanu ndi ziwili mu kampu ya othawa nkhondo kutsidya ku Malawi. Diso lakumanzele lotsekeka ndi kutupa. Mano awili akutsogolo kulibe. Kachikwama kamodzi, m'kati sizasi.

Ndinamulonjela m'Chifalansa changa cha m'mabuku, mawu onse ovala tayi. Iye ati, "Musavutike, asisi, Chichewa ndimayankhula." Munthu woyamba pa zaka khumi ndi ziwili woti andimve, ati ndisavutike.

Nkhani yake, monga anaikambila, maso pa kapu ya tiyi. Ankakhala ndi mwamuna mnzake, Fiston. Ankakondana. A mu kampu anadziwa. Poyamba miyala padenga. Kenaka kuwaletsa kutunga pamjigo. Kenaka mipini ya makasu pamzele wa madzi, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonelela. Nyumba anaitentha. Kwa alonda anamuyankha kuti, "Siyani khalidwe lanulo, akusiyani." Fiston anthu anamutengela kuchipatala ali chikomokele. Kuyambila tsiku limenelo, za Fiston zii.

Kuno nako lamulo silimufuna. Ndiye nditseke pakamwa. Ineyo. Mulungu nthabwala amazidziwa.

Lachitatu, 5 Juni

Shati. Shati imodzi yachimuna pachingwe. Taizya, neba wanga, amene njoka inagona sabata yathunthu kuseli kwa mbaula yake osaiona, shati waiona kudzela mu mpanda wa udzu. Anafuula moni, nayenso mlendo wanga mwaulemu wake anayankha ndi dzina lomwe. Pofika belu la buleki aphunzitsi onse akudziwa. A hedi kundigwila chanza ndi manja awili ngati ndabwela ndi chikho. Ana amanditchula a Misi, poti sindinakwatiwe. Tsopano akuti kwa a Misi kuli a Amisi, Mulungu amapatsa zofanana.

Ndili ndi zaka 36. Amayi a Umanyano, gulu lija la ku tchalitchi, anandisalilapo kudya kawili kuti ndipeze banja. Pemphelo layankhidwa: pakhomo panga pagona mwamuna, yekhayo m'boma lonse amene sangandicheukile ngakhale nditavala golide.

Wapinda makatani anga onse. Akuti amene anawasoka ankadana nane. Anasoka ndine.

Panja satuluka. Ndowa inandipulumuka pa pompi, phokoso chabe. Ndinamupeza wadzipanikiza pakona, manja kumutu. Ndinachita ngati ndikufuna sopo.

Galimoto kulibe. Ronnie akuti mapepala.

Lachisanu, 7 Juni

Taizya ali ndi msuweni ku Magodi, kumudzi kwathu. Ndinaiwala.

Amama afika lelo, osaimba foni, atakwela kumbuyo kwa njinga yamoto ya asibweni a Esau, malume anga, thumba la nshawa, mtedza wa kumunda kwawo, pamiyendo, duku ya ku tchalitchi kumutu. Amisi anali pakhonde lakuseli akusoka. Atangomva mawu achilendo ndi injini, liwilo. Kukagwada kuseli kwa khola la nkhuku, nkhope kukhoma.

Amama anaona msana wake. Anaima. Anaika dzanja pachifuwa. Ati, "Chiuta wane, akalipo anthu oleledwa!"

Ndinaiwala ndine, wophunzila. Kwathu mkweni, mwamuna wa mwana wako, saonana maso ndi apongozi. Akawamva akubwela amapatuka, amagwada patali, sadya pamaso pawo, sayankhula. Akweni a azichemwali anga amalowa m'khichini mwa amama ndi mahedifoni m'makutu kukafunsa mchele. Ndiye uyu, wothawa mpaka kukabisala ndi nkhuku. Amama misozi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwongole nkhani. Ndinayang'ana kukhola. Ndinatseka.

Ndamufotokozela m'Chifalansa, potsiliza chagwila ntchito: asatuluke amama ali pabwalo, asawayang'ane, asayankhe. Anandiyang'ana ndi diso limodzi lija. Ati, "Kubisala ndi ulemu kuno? Ndakhala waulemu moyo wanga wonse." Anaseka. Nthiti zinamupweteka, analeka.

Sondo, 9 Juni

Nkhuku zatsala zinayi. Mkweni sangadye kapenta.

Asibweni a Esau akhala pansi pa mtengo wa mango kuyambila potuluka ku tchalitchi, akukamba za ng'ombe za malowolo. Akuti digili iwonjezela ziwili, koma pakamwa panga pachotsa zitatu. Akufuna thenga, woyenda pakati pa mabanja awili, abwele kuchokela ku Congo. Ndati msewu ndi woipa. Ati adikila chilimwe. Ndati chilimwe ndi chino. Ati adikila china.

Ku tchalitchi mayi wina amene sanandipatsepo moni chiyambile 2019 anandisuntila malo pa benchi. Ndawelenga mabuku, ndaphunzitsa ana a theka la boma lino, koma ulemu unali kudikila shati pachingwe.

Madzulo amama anaphika maungu, ofewa ngati phala, ndi chiwawa chotendela, masamba ake a maunguwo. Ati, "Kam'patse izi, nyama ija anangomwa msuzi." Sanamuyang'anepo nkhope. Za mano anazidziwa bwanji?

Amisi tsiku lonse foni yanga m'manja. Nambala ya namwino wina wa kuchipatala kuja anatengela Fiston. Imangoitana.

Lachiwili, 11 Juni

Zaipa.

Nason, uja wogulitsa zitenje pamsika, amapita kukapikula katundu ku Malawi, mpaka mu kampu muja amalowa. Taizya anakagula chitenje cha ukwati wanga, inde, agula kale, nkumadzitama kuti mlamu ndi telala wa ku Congo dzina lake Amisi. Nason ati telala ameneyo amam'dziwa, ndi chimene anam'thamangitsila amachidziwa.

Taizya wabwela nayo nkhaniyi akuthamanga, maso kuwala, ngati wanyamula keke. Ati akundimvela chisoni, ndanamizidwa. Ndati ku Congo kuli anthu ochuluka kuposa Zambia kasanu, a Amisi ndi ambili ngati a Banda. Sanakhulupilile. Nanenso sindikanakhulupilila.

Ku polisi? Kukamupeleka ndekha. Ronnie sakuyankha. Ndamulembela uthenga umene amayi ake asadzauone.

Amisi walongedza kachikwama kake. Akuti achoke ndisanalowe m'mavuto. Apite kuti? Ndamulanda nsapato, ndazitsekela m'kabati ya mapepala a mayeso.

Chitseko ndachikhoma kawili. Ine amene a hedi amandiopa.

Lachitatu, 12 Juni

Ndawauza amama. Zonse. Chitumbuka changa chinalibe mawu abwino a nkhani imeneyi, amene alipo ndi otukwana, ndiye ndinangoti ali ndi mnzake wamwamuna amene amamukonda monga adada ankakondela iwo.

Anapitiliza kusenda nshawa. Nthawi yaitali. Ndinawelenga makoko akugwa.

Funso loyamba: "Ndiye ng'ombe palibe?" Palibe, amama.

Lachiwili: "Mano anam'gulula ndani?" Ndinafotokoza za mjigo. Za mipini. Za alonda.

Ati, "Zinazo sindizidziwa ndipo sindifuna kuzimva, ndine wa Umanyano ine. Koma munthu kumumenya pamzele wa madzi? Madzi?" Anabweleza kangapo, madzi, madzi, ngati pamenepo ndi pamene dziko linathela.

Anapita kukhichini osandicheukila. Koma maungu anaphika.

Lachinayi, 13 Juni

Ndilembe bwinobwino, adzukulu amene sindidzakhala nawo adzawelenge.

Kusukulu sindinapite. Cha m'ma 10 koloko, pageti amuna asanu. Nason patsogolo, anyamata awili onyamula katundu pamsika, wina wovala jekete ya alonda a m'komboni, ndi mkulu wina amene anangotsatila gulu poganiza kuti kuli malilo. Wina ndi chibonga, wachibisa kumsana ngati mwana wobisa mango. Ati akufuna mlendo atuluke amuone nkhope.

Ine mawu atatu a chilamulo ndinali nditakonza. Ntchito sanagwile.

Amama anatenga kampando, kukhala pakhomo penipeni, miyendo tambalala, lichelo pamiyendo. "Monile mose." Anawafunsa mmodzimmodzi kuti ndi ana a yani. Nason anapezeka kuti agogo ake ndi a ku Magodi, amama anawasambitsapo atadwala. Mapewa ake anatsika pang'ono.

Kenaka ati mkweni wawo ali m'nyumba, inde. Koma angatuluke bwanji apongozi atakhala pakhomo? Awalumphe? "Kwanu mkweni amalumpha miyendo ya apongozi?" Onse ati yayi, amama. Wa jekete ati ndiye musunthe pang'ono. Amama ati msana wawagwila, amene akufuna awanyamule yekha, awakhudze ndi manja ake pamaso pa anthu. Palibe anasuntha.

Ati poti mukudikila, manja asakhale chabe. Anandituma thumba la nshawa.

Anasenda. Ndikulumbila, anasenda. Wa chibonga anachiika pansi kuti agwile bwino. Taizya pa mpanda khosi ngati nthiwatiwa. Amama akufotokoza matenda a agogo ake a Nason mwatsatanetsatane, mpaka za ndowa yokodzela m'chipinda. Pofika 14 koloko anyamata anakumbukila ntchito. Wa jekete anakumbukila msonkhano. Nason anachoka womaliza, zala zofiila, ati abwelanso. Mkulu wa malilo uja anatsala, anadya nafe.

Maola anayi amama osapita ngakhale kuchimbudzi. Ataimilila miyendo inakana, ndinawagwila. 

Amisi ndinamupeza pansi pa bedi, sizasi m'manja.

Loweluka, 15 Juni

Galimoto inabwela dzulo m'mawa. Masiku atatu a Ronnie ndi khumi ndi limodzi, masamu a ku Lusaka. Akuti kumeneko kuli nyumba ya geti yokhoma, ndi loya. Pambuyo pake sakudziwa. Palibe akudziwa.

Potuluka Amisi anagwada patali, nkhope kumbali. Amama ati, "Iwe, tayang'ana kuno, sewelo latha." Anayang'anana. Anam'gwila chibwano, kutembenuza nkhope uku ndi uku ngati akugula mbuzi. Ati akafike kwa dokotala wa mano asanapite kwina kulikonse.

Asibweni a Esau ndawauza kuti mkweni wapita kukatenga thenga. Ati amadziwa kuti ndi munthu wolongosoka.

M'nyumba zii. Makatani owongoka akundinyoza.

Lolemba, 17 Juni

Ronnie waimba m'mawa, ndili pa asembule. Fiston ali moyo. Anam'tulutsa m'chipatala nkumubwezela ku kampu komweko, pa phulusa la nyumba yawo, pakati pa anthu omwewo. Wathawa. Ali panjila ya kumalile, nambala imene ali nayo ndi yanga, ija Amisi ankaimbila namwino. Galimoto mpaka kumapeto kwa mwezi.

Ndinati ayi. Ndinati Nason akuzungulila geti langa ngati galu wa pa butchala. Ndinati mkazi mmodzi akweni awili pa mwezi umodzi, ngakhale Umanyano sungasale kudya kokwanila. Ndinati zambili, ana a Giledi 8 aphunzila mawu atsopano.

Amama anali atamanga kale katundu wobwelela kumudzi. Nditafika kunyumba ndinawauza, anamvetsela. Ati Fiston pa boma pano sagona, apita naye ku Magodi lelo lomwe. Akanena kuti ndi mng'ono wa mkweni, wabwela kudzaona ng'ombe za apongozi, ndipo wamanyazi kuposa mkulu wake. Ndati amama, limenelo ndi bodza lachiwili. Ati loyamba ndinayamba ndine, iwo akungosamalila.

Ndamuimbila Amisi. Ndamuuza kuti Fiston ali moyo, ali panjila.

Nkhuku zitsala zitatu. Madzi osamba ndateleka. Njinga yaima pageti, wapambuyo akulephela kutsika yekha, mwendo wovulala. Ndi Fiston, ndikupita.